Anatseka chitseko mwana wanga ali mkati

Lachiwiri lapitali ndinayenda ulendo woyamba ndi mwana wanga Tamanda, wa miyezi itatu. Tinanyamuka ku Nselema m'mawa kupita kwa Kalembo, kumene kuli agogo amene anandilera. Anatumiza uthenga kuti maso awo ayamba kuchita mdima, ndiye ndifulumire naye mwanayo amuone akadali kuona. Bambo ake sanathe kuchoka kuntchito. Ndinanyamuka ndekha, mwana kumsana, chikwama cha matewera m'manja.

Mpaka ku Liwonde zinayenda bwino. Nkhani inayamba pa minibasi yachiwiri.

Inali itadzaza kale, koma inu mukudziwa kuti kwa kondakitala minibasi siidzaza. Anandilozera kamalo ka pakhomo, pampando wa anthu atatu, ine wachinayi, thako lina pampando lina m'malere. Ndi mwana kumsana sindikanakwanapo. Ndikumumasula, mayi wina wa duku lobiriwira, amene anakhala pawindo mzere wa kumbuyo kwanga, anatambasula manja.

"Bweretsani kuno mwanayo, achemwali, mukhazikike kaye."

Ndinazengereza. Mayi anga anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo pamaliro pawo aliyense anandinyamula, aliyense ananena kuti mwanayu sadzavutika ife tilipo. Sabata isanathe, makina osokera, matiresi ndi mbale zinachoka ndi manja omwewo. Ine ndinatsala ndi agogo. Kuyambira pamenepo, munthu akanditambasulira manja ndimayamba ndaona kumene akuloza.

Koma kondakitala anali akumenya denga. "Mayi, mukutichedwetsa. Mwana sadyedwa muno."

Ndinamupereka.

Tisanawoloke n'komwe mlatho wa pa Liwonde, mafunso a mayi aja anayamba.

"Ali ndi miyezi ingati?"

"Itatu."

"Bambo ake ali kuti?"

"Kuntchito."

"Nanga mukatsikira pati?"

"Kutsogoloku."

"Kutsogoloku kulibe dzina?"

Munthu wongondithandiza kunyamula mwana akufuniranji kudziwa kumene ndikatsikire? Ndinapotoza khosi mpaka kumva kuwawa, maso pa zala zawo. Anakweza kachipewa n'kuyang'ana paliwombo. Anapisa dzanja m'shawelo n'kukhudza mkuzi wa m'chiuno. Kenako anandiyang'ana ine, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nthawi yaitali. Ndinati mumtima, tikangoima paliponse ndimutenga.

Tinaimadi, koma patchire, msewu usanakhote.

"Achinayi nonse tsikani," anatero kondakitala. "Kutsogoloku kuli rodibuloko. Muyende pansi, mukatipeza mbali inayo."

Amene mumakwera minibasi simukudabwa. Galimoto imadutsa pa apolisi ili ndi anthu okwanira bwinobwino, opitirira muyeso akuyenda m'mphepete mwa msewu ngati anthu opita kudimba. Ineyo ndachitapo zimenezi kambirimbiri, nthawi zina ndikuseka. Ndinali pakhomo, ndipo abambo awiri a kumbuyo anali akundikankha kale kuti adutse. Mapazi anga atangoponda pansi ndinatembenuka.

"Mwana wanga."

"Ndi pompano apa, mayi. Wagona, musamudzutse," anatero kondakitala.

Chitseko chinatsekedwa. Minibasi inakhota n'kusowa.

Ndinayamba kuthamanga, patapata imodzi n'kuvuka. Mmodzi wa abambo aja, amene anali akusenda nzimbe ndi mano, anandiitana.

"Iyayi asisi, musathamange. Apolisi atizindikira, mutilakwira tonse."

Chimene chikundichititsa manyazi mpaka lero n'chakuti ndinamvera. Ndinachepetsa liwiro. Mwana wanga wapita ndi munthu amene sindikumudziwa, ine n'kumayenda mwaulemu kuti ndisaulule chinsinsi cha kondakitala.

Ndikuyenda choncho ndinadzifunsa zimene ndikananena apolisi atandifunsa. Nambala ya galimoto sindinaione. Minibasi yoyera, ngati zonse za pamsewu umenewu. Dzina la dalaivala sindikulidziwa. La mayi aja sindinafunse. Ndinali ndi duku lobiriwira basi, ndipo duku munthu amavula. Mkaka unayamba kutuluka wokha, bulauzi n'kunyowa, ndipo pamenepo ndinathamanganso osamveranso za munthu.

Nditakhota ndinaiona minibasi ija. Sinadutse rodibuloko ija. Inaima pambali, injini yozima, dalaivala ali panja manja kumbuyo akuyankhula ndi wapolisi motsitsa mawu. Anthu anali atatulutsa mitu m'mawindo akulalata. Mayi a duku aja anaima pamthunzi pafupi ndi wapolisi wamkazi, akugwedeza Tamanda amene anali akulira.

Ndinamulanda n'kukhala pansi pomwepo kumuyamwitsa. Ndikumuyamwitsa ndinafufuza zonse: mkuzi, tsitsi, zikhadabo, mphepete mwa shawelo ngati sanadulepo kansalu. Mayi aja ankandiona ndikuchita zimenezi.

"Fufuzani ndithu," anatero. "Ali wathunthu."

Wapolisi wamkazi uja ndiye anandiuza zimene zinachitika. Atasuzumira m'galimoto kuti awerenge anthu, mayiwa anakweza dzanja n'kunena kuti mwana ali naye si wawo, mayi ake awatsitsa kumbuyoko pamodzi ndi anthu ena atatu, ndipo iwo sapitirira mpaka mwini mwana afike.

Kuchokera m'minibasi munthu wina anakuwa kuti, "Pakamwa panu amayi inu patigoneka panjira. Mukanangokhala chete bwenzi tili ku Ulongwe."

Iwo sanatembenuke n'komwe. Anandiweramira ine.

"Ndikuuzeni zoona, achemwali? Ine ndimakukayikirani kuyambira ku Liwonde. Mtsikana ali yekha, mwana wakhanda, sakunena kumene akupita, za bambo a mwana akuyankha mawu amodzi. Kenako watsika, mwana wandisiyira. Ndinati basi, uyu wanditayira mwana. Ndikafika naye kunyumba ndikati ndamutenga kuti? Amuna anga akandimvetsa? Nanga mukanakanena kupolisi kuti ndakuberani?"

"Ine ndimaganiza kuti mukufuna kundiberadi," ndinatero.

"Ana ndili nawo asanu ndi awiri, ndi adzukulu pamwamba. Ndikamuike pati wanu?"

Sitinaseke. Tinangoyang'anana, aliyense asanakhutire kwenikweni ndi mnzake. Minibasi inagwidwa, tonse tinafunika kupeza ina, ndipo anthu anatipatsa misana ife awiri mpaka tinasiyana. Ndinafika kwa Kalembo dzuwa litapendeka. Agogo anamuyandikitsa Tamanda kumaso kwawo n'kunena kuti mphumi ndi ya mayi anga. Za panjira sindinawauze.

Ndakhala ndikuiganizira nkhaniyi sabata yonse, ndipo chimene chikundisowetsa mtendere si mayi aja ayi.

M'galimoto muja munali anthu oposa khumi. Onse anaona mwana akuperekedwa kwa munthu wachilendo. Onse anamva ndikunena kuti mwana wanga. Onse anaona chitseko chikutsekedwa. Palibe amene anati dalaivala dikirani. Mawu awo anatuluka pamene ulendo wawo unaima, ndipo anatulukira kwa munthu mmodzi yekhayo amene anakana kupitirira ndi mwana wa eni.

Timanyadira kuti kuno mwana ndi wa tonse, n'chifukwa chake timalandirana makanda m'minibasi, kuwadutsitsa pawindo, kuwakhazika pamiyendo ya anthu osawadziwa. Sindikunyoza zimenezo. Popanda manja a mayi aja sindikanakwera n'komwe. Koma Lachiwiri ndinaona kuti wa tonse uja, nthawi ikathina, amasanduka wa mayi ake okha, amene ali pansi akuthamanga ndi patapata imodzi.

Alamu anga anabwera pa ndege kuchokera ku Joni ndi khanda lawo chaka chatha. Amati m'menemo anawapatsa kalamba kakang'ono komangira mwana ku lamba wawo, ndipo ndege sinanyamuke mpaka anaona kuti wamangidwa. Tinaseka tonse tsiku limenelo, tinati azungu ndi amantha. Ine sindikupempha kalamba. Ndikungofuna kuti pakhale chinthu chimodzi chimene kondakitala angachite nacho mantha kuposa rodibuloko.

Ndipo tisamuloze chala yekha. Masewera otsika ndi kukweranso aja timasewera naye limodzi. Timayenda mwakachetechete, timachenjezana kuti tisathamange, timamubisira ngati m'bale wathu, chonsecho ndi ife amene akutipanikiza anayianayi pa matayala othetheka. Timakayikira mayi wofunsa mafunso. Timakayikira mtsikana wosayankhula. Munthu amene amatseka chitseko timamukhulupirira, mpaka kumusungira chinsinsi.

Pobwerera ku Nselema ndinakana minibasi zitatu, kudikira imene ndikanakhala pawindo mwana ali pachifuwa panga. Kondakitala wina ananditcha bwana. Ndinavomera dzinalo.

Mwina inuyo munali m'galimoto ija, kapena ina yofanana nayo, mukuthamangira maliro, chipatala kapena msika. Mayi wina wakweza dzanja, ulendo wanu waima, dzuwa likuswa mtengo. Mwatulutsa mutu pawindo ndipo mawu ali kale pakamwa. Tandiuzani zoona, mukanakalipira ndani?