Bambo Woiwala Magalasi

Inu amene muli ndi chinthu chimene mwabisa zaka zambiri chifukwa cha manyazi, imvani za Odell Bumgarner.

Katatu konse Odell analowa mu ofesi ya za ntchito m'tauni yathu, kumapiri a North Carolina, ndipo katatu konse anatuluka osalemba kanthu. Mayi Tillery, amene ankathandiza anthu ochotsedwa ntchito, ankamupatsa fomu ndi cholembera. Iye ankapapasa thumba la shati, kenako la thalauza.

"Pepani mayi, magalasi aja ndaiwalanso."

Akatero ankakakhala m'galimoto yake yakale, chitseko chotseka, mpaka ola kutha. Maso ake analibe vuto lililonse. Odell anali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, koma sankadziwa kuwerenga. Chimene ankatha ndi kulemba dzina lake basi.

Sukulu anaisiya ali wamng'ono kuti azithandiza bambo ake m'munda wa fodya. Atakula analowa fakitale yathu yaing'ono yosema miyendo ya mipando ndi matebulo, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ankapakira katundu m'malole. Miyendo yonse tinkagulitsa ku fakitale yayikulu ya mipando ya kutsidya kwa mtsinje. Mipando yotchipa itayamba kubwera pa sitima kuchokera kumayiko akunja, fakitale yayikulu ija inasiya kutigula. M'chaka cha 2003 geti lathu linatsekedwa, anthu 64 tinakhala pakhomo.

Odell zinamuwawa kuposa tonse, chifukwa ndiye ankanyoza anthu olandira thandizo la boma. "Mwamuna weniweni sadya thukuta la anzake," ankatero pa nkhomaliro. Tsopano anali pa mzere womwewo, chipewa atachikokera kumaso.

Boma linali ndi dongosolo lakuti munthu amene ntchito yake yatha chifukwa cha malonda akunja azilipiriridwa sukulu yophunzira luso lina, n'kumalandira kangachepe kodyera mpaka amalize. Tinapempha, koma kalata inabwera yokana. Inati ife sitinkapanga mipando koma miyendo chabe, ndipo panalibe umboni woti katundu wakunja ndiye watichotsa ntchito. Mwini fakitale anali chigonere m'chipatala, moti panalibe womufunsa.

Tinaitanizana m'holo ya tchalitchi kuti tione chochita. Apa ndi pamene ine ndinalakwitsa. Ndinali mnzake wa kufakitale, ine ndinkagwira pa makina osalazira matabwa, ndipo chinsinsi chake sindinkachidziwa. Ndinamupatsa kalata ija pamaso pa anthu onse.

"Odell, iwe ndiye uli ndi mawu omveka. Tiwerengere."

Anaimirira, kalata ili m'manja. Makutu ake anafiira. Dzanja linapita pa thumba la shati monga mwa masiku onse, koma linangoima pomwepo.

"Magalasi ndilibe, ndipo sindinakhalepo nawo," anatero chapansipansi. "Ine sindidziwa kuwerenga."

Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika kuti ndilowe. Amene anayankhula anali Hoyt Ledbetter, mnzake wa kuubwana.

"Amwene, mumayesa ine sindinkadziwa? Zaka zonsezi tikalowa m'lesitilanti mumangoti ndipatseni zimene waitanitsa Hoyt. Mpaka chiwindi chimene mumadana nacho chija mumameza."

Anthu anaseka pang'ono, kuseka kofuna kumupepuza. Odell sanaseke. Anaika kalata pa mpando n'kutuluka. Kwa milungu iwiri sanaoneke paliponse, ngakhale kutchalitchi.

Mayi Tillery anali nafe pa msonkhano uja. Tsiku lina masana anamulondola kunyumba, n'kumupeza akuwaza nkhuni kuseri.

"Bambo Bumgarner, sindinabwere kudzakupepesani," anatero. "Boma likufuna umboni, ndiye ndikufuna munthu amene akudziwa malole amene ankatuluka pa geti la fakitale lija."

"Kafunseni ophunzira, mayi."

"Ndawafunsa. Onse akungokanda m'mutu."

Odell anaika nkhwangwa pansi. Kenako anayamba kunena, osawayang'ana n'komwe. Mpaka mwezi wa Malichi mu 2001, malole ankanyamuka asanu pa mlungu. Kenako anatsika kufika pa atatu, ndipo itakwana Khirisimasi inatsala imodzi. Anatchula madalaivala onse mayina awo. Anatchulanso awiri amene anamuuza kuti masiku amenewo ankatenga mipando yomanga kale kudoko, n'kukaitula m'nyumba yosungiramo katundu ya fakitale yayikulu ija.

Poti sankatha kulemba, zonse ankasunga m'mutu. Mayi Tillery anakhala pa chitsa n'kudzaza masamba anayi.

Odell ndi Hoyt anayenda mlungu wathunthu kusaka madalaivala awiri aja. Wina anamupeza kugalaja, wina anali atapuma ntchito. Onse anavomera kuikira umboni. Pempho loti boma lionenso nkhani yathu linkafuna antchito atatu osainira, ndipo woyamba kugwira cholembera anali Odell. Analemba dzina lake pang'onopang'ono, ife tikuona.

Patatha miyezi inayi yankho linabwera lovomera. Tonse 64 tinali oyenera kulandira thandizo.

Musaganize kuti mavuto a Odell anathera pamenepo. Kuti munthu alowe m'kalasi ya luso, ankayenera kukhoza kaye mayeso owerenga. Ife tinayamba maphunziro athu pa koleji ya m'dera lathu, iye n'kulowa kalasi ya akuluakulu oyamba kumene zilembo, pa koleji yomweyo. Tikamadutsa pakhonde tinkamuona pa zenera, bambo wa imvi, akutchula mawu a m'buku la zithunzi. Akationa ankazyolika.

Mayeso oyamba analephera. Achiwiri analepheranso. Tsiku limenelo anafika kunyumba n'kuponya mabuku pansi pa masitepe, akuti mutu wake unauma kalekale.

Mkazi wake, Nadine, ndi amene ankamuwerengera chilichonse chiyambire ukwati wawo, kuyambira makalata mpaka malangizo a pa botolo la mankhwala. Anatola mabuku aja, n'kuwapukuta ndi epuloni.

"Bambo, ine ndakubisirani zaka makumi atatu, ndimayesa ndikukuthandizani," anatero. "Nditati ndatsogola ine, adzakuwerengerani ndani? Mawa mubwerere."

Anabwerera. Ankayeserera pa chilichonse chimene chili ndi zilembo: zikwangwani za mumsewu, zitini za nyemba, buku la nyimbo. Hoyt anasiya kumuuza zimene waitanitsa m'lesitilanti, moti tsiku lina anakhala mphindi khumi akulimbana ndi pepala la zakudya, wogulitsa ataima pambali, mpaka anapeza yekha nkhuku yokazinga.

Mayeso achitatu anakhoza. Anasankha kuphunzira kukonza makina oziziritsa ndi otenthetsa m'nyumba, ndipo anamaliza ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu. Poyamba analembedwa ntchito ndi munthu wina. Patapita zaka ziwiri anayamba payekha, n'kutenga anzathu awiri a kufakitale amene anali asanapeze pogwira.

Sanalemere, ndisakunamizeni. Koma m'chilimwe foni yake sinkapuma, ndipo pakhomo pake sipanagonenso njala. Kuwerenga kwake sikunafike pothamanga. Akafika panyumba ya munthu, amatsegula buku la makinawo, n'kumatsata mzere ndi chala, milomo ikugwedera, mwini nyumba ali chiimire pambali pake.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kumupepesa chifukwa cha zimene ndinamuchita m'holo muja.

"Zinandipweteka, ndipo mpaka lero ndikakumbukira thukuta limatuluka," anatero. "Koma wofunika kupepesa ndine. Anthu olandira thandizo aja ndinkawatcha aulesi, sindinkadziwa chimene chinawaimika pa mzere."

Mwina inunso ntchito yatha, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa cha zinthu zimene zinagamulidwa kutali ndi kwanu. Mwina pali khomo limene mwafikapo kangapo n'kubwerera, poopa kuti anthu adziwa chimene simutha. Kupempha si kuba. Manyazi amawotcha, koma sapha. Lowani, nenani zoona, ndipo mukakanidwa kagogodeninso. Zaka zisakuopseni, ndipo osataya mtima.