Chimango cha Alimi a ku Kaumbwe

Ndinaganiza zochoka ku Luembe, kwathu ku Nyimba, chaka chimene atate anagulitsa nshawa zawo zonse kwa munthu wa lole, pa mtengo umene munthuyo anatchula yekha. Boma linali litasiya kale kugula nshawa, ndipo mlimi analibe pofunsa kuti ku Petauke kapena ku Lusaka zikuyenda bwanji. Atate anabwela kuchoka ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ndipo sankakonda kukangana ndi anthu m'dziko limene linawalandila. Ine ndinali nditaphunzilako makompyuta ku Chipata. Nditawauza kuti ndikupita, anangofunsa ngati ndili ndi bulangete.

Ndinakhala ku Lusaka zaka ziwili, kenako ku Joni. Nchito yanga inali yolemba mapulogalamu a pa intaneti, aja amalandila funso kuchoka pa foni ya munthu n'kumubwezela yankho. Pa nchito imeneyi suyambila pansi. Umasankha chimango chimene ena anakonza kale, ife timati fulemuweki, iwe n'kumangapo zako. Zimango zilipo zambili, ndipo mu ofesi tinkakangana za izo ngati za mpila. Ine nthawi zonse ndinkaima kumbali ya chatsopano, chifukwa mkazi wochoka ku Nyimba akapanda kudziwa zatsopano kuposa onse, samumvela.

Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, ndipo nyumba ya atate inafoledwa malata. Koma Lamlungu ndinkatha tsiku lonse osatsegula pakamwa. Amai akaimba foni ankandiuza za maliro ndi mvula, ine n'kumanama kuti anzanga ndi ambili.

Ndinabwelela atate atayamba kudwala miyendo. Patapita mwezi, a Mwanza, apampando wa gulu la alimi ku Kaumbwe, anandipeza pa msika wa Petauke. Ankafuna kuti mlimi azitumiza uthenga pa foni n'kudziwa mitengo ya nshawa ndi soya ya tsikulo, wogula asanafike pakhomo. Ndinavomela asanamalize kulankhula.

Ku msonkhano ndinapita nditasankha kale chimango chimene tinkagwilitsa nchito ku Joni. Ndinafotokoza kuti n'chachangu, n'chamakono, chingathe kuyankha anthu a chigawo chonse nthawi imodzi. Anthu anawomba m'manja. Amene sanawombe anali amai Lungu, aphunzitsi a makompyuta pa sekondale yapafupi, amene ankalembela gululo makalata.

"Mayi, chimenecho ine sindichidziwa," anatelo. "Mukabwelela ku Joni, chikaima, adzachiyang'ana ndani?"

Ndinayankha kuti sindinanene kuti ndikubwelela. Iwo anati zimenezo n'zabwino, koma funso lawo likadalipo. Anati pali chimango china chakale, chaching'ono, chimene anadziphunzitsa okha, ndipo buku lake ali nalo pa kompyuta, silifuna netiweki. Ndinkachidziwa. Ku Joni tinkaseka anthu ochigwilitsa nchito.

Ndinakwiya masiku atatu. Chinandipweteka si chimangocho ayi, koma kuti anthu akwathu ankandiwelenga ngati mlendo wodutsa. Tsiku lachinayi ndinayesa kutsitsa zida za chimango changa pa netiweki ya ku Kaumbwe, ndipo zinaduka kasanu ndisanafike pakati. Ndinapita kusukulu kukawapeza amai Lungu. Sanandiseke. Anandisunthila mpando.

Tinamanga pa chakalecho, awili, ana akaweluka. Amai Lungu ankandiletsa ndikalemba mwaluso kwambili, ankati ndilembe zoti munthu wotopa awelenge n'kumva. Ambili mwa mayina a m'pulogalamuyo ali m'Chinyanja.

Nyengo yogulitsa itafika pachimake, atate anagonekedwa ku chipatala ku Lusaka, ndipo ndinakhala nawo milungu itatu. Tsiku lililonse ndinkayembekeza foni yochoka ku Kaumbwe, koma sinabwele. Nditafika ndinamva kwa a Mwanza kuti pulogalamu inaima m'mawa wina, mitengo ya soya osatuluka, ndipo amai Lungu anaikonza pa nthawi ya buleki kusukulu.

Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze.

"Munali ndi odwala," anatelo. "Komanso sichinali chachikulu."

Zaka zonse za ku Joni ndinkaganiza kuti kwathu kwangokhala, kukudikila ine kuti ndibweletse nzelu. Madzulo amenewo ndinatsegula pulogalamuyo n'kuwelenga mizele imene amai Lungu anasintha. Cholakwikacho chinali changa, ndipo anachikonza bwino kuposa mmene ndikanachitila.