Tinabatiza Zakariya pa Ngolo

Tinachoka ku Chidzolomondo m'mamawa, utsi wa nkhokwe zathu ukuonekabe kumbuyo. Amayi anabereka kumsana mlongo wanga wakhanda, amene anali asanatuluke m'chikuta ndipo analibe dzina. Ine ndinasenza nyemba ndi mphasa. Tinkathawa nkhondo, kupita kwa amalume ku Ntengo-Wambalame.

Msewu waukulu tinaupewa poopa mabomba okwirira. Masana tinadya chinangwa chachiwisi pansi pa msuku. Mawa lake tinapeza ngolo, ndipo mwini wake, a Zakariya, anatikweza titawapatsa mbale ya nyemba. Ng'ombe zawo zinali zaulesi moti mayi wina woyenda pansi, a Fulansisika, anatipitirira kawiri konse.

Dzuwa litapendeka mwana anasiya kuyamwa, thupi lili moto.

"Akapita chonchi akamutaya ngati nthayo," anatero amayi. "Wopanda dzina, wopanda womulira."

A Fulansisika, amene tinawapezanso akupuma, anasuzumira m'ngolomo. "Mubatizeni, mayi. Padiri kulibe, koma pangozi aliyense amabatiza. Ine mawu ake ndimasokoneza. Iwe wa kusukulu, katekisimu unaphunzira?"

Ndinavomera ndi mutu. Kusukulu aphunzitsi akandiloza ndinkangoyang'ana pansi.

A Fulansisika anandipatsa chigubu chawo, madzi atatsala pansi penipeni.

"Nanga inu mumwa chiyani?" anafunsa amayi.

"Mate ndili nawo."

"Mumutche dzina langa," anatero a Zakariya, "nyemba zija ndibweza."

Ndinathira madzi katatu pamutu pa mwanayo. "Zakariya, ine ndikubatiza m'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera." Mawuwo ngakhale ine mwini sindinawamve bwino. Njira yonse ndinkaopa kuti ndawononga madzi a eni ake.

Ku Ntengo-Wambalame namwino anapatsa mwana mankhwala. Kenaka ndinalimba mtima n'kupita ndekha kwa akatekisita, kukawapempha kuti amubatizenso.

"Madzi unathira? Mawu unanena onse?"

"Inde, koma motsitsa kwambiri."

"Mulungu si gonthi, mwana wanga. Ubatizo sabwereza. Ameneyu ndi wake kale, ndiponso ndi wathu."

Ndinkayesa ubatizo ndi zovala zoyera ndi mpunga. Pa ngolo ija ndinaona kuti ndi kulandiridwa, ukhale ndi moyo kapena umwalire. A Fulansisika sindinawaonenso, koma ndimawatchula m'pemphero.

Nditabwerera kwa amalume ndinapeza amayi pakhonde, akumuyamwitsa.

"Pang'onopang'ono, Zakariya," ankatero. "Utsamwa."