Mabwana anga anali udzudzu

Nchito yanga yoyamba ananipezera azakhali anga, amene amagulitsa vitumbuwa pa geti ya kiliniki ina kuno ku Chongwe. Anangomvako kuti anthu ofufuza za malungo afuna munthu wotsiriza sukulu. Pofika madzulo, Bundabunda yonse, kumudzi kwathu, inali itamva kuti nakhala dokota. Wofalitsa nkhaniyo nine.

Tsiku loyamba ba Dokota Zulu, mayi wamfupi woyendetsa kafukufukuyo, ananitsegulira kanyumba kuseri kwa kiliniki. Mkati kozizira bwino monga mu banki. Ninati apa ndiye ofesi yanga. Iwo ati, "Iyayi Gilbert, muno ni mwa udzudzu. Iwe mpando wako uli pakhonde."

Udzudzu wake si wa kumudzi uja wosauka. Awa anabadwira mu keji, alibe malungo, sanalaweko mankhwala. Amawasunga kuti aziyesera ngati maneti na mankhwala opopera m'nyumba akali kupha. Nchito yanga inali kuwatumikira. M'mawa nasintha madzi m'mabeseni a mphutsi zawo, nawaza chakudya cha nsomba chochokera ku Lusaka. Akuluakulu nawaikira thonje la madzi a shuga pamwamba pa keji. Aakazi, kuti aikire mazira, amamwa magazi otenthetsedwa pa kamakina ka malaiti. Powasamutsa umakoka na kapaipi pakamwa. Ananiuza kuti kali na sefa, koma ine nilumbira ninamezapo banja lonse, na apongozi omwe.

Nsanje inaniyamba pa shuga. Ine kunyumba tiyi wopanda kanthu, awa shuga tsiku na tsiku. Iwo makina oziziritsa, ine thukuta pakhonde. Iwo jenareta yawoyawo, ine foni nikatchajitse ku msika. Ninapempha ka fani chabe. Ba Dokota ati, "Ndalama za boma zimabwera zili na maina kale. Za udzudzu ni za udzudzu. Nikachotsapo ya fani yako, amene amatipatsa azanifunsa, ndipo sazatipatsanso." Ninafunsa ngati ningalembetse monga udzudzu. Sanaseke.

Tsiku lovuta linabwera mu Okutobala, dzuwa lija lakuti nkhuku imaikira dzira lophika kale. Malaiti anapita m'mamawa. Jenareta inalira pang'ono, n'kutsokomola, zii. Dizilo yatha, ndalama za gawo lotsatira zikali ku Lusaka, zidikira siginecha ya munthu amene anali ku msonkhano. Sabata lomwelo kunali kubwera alendo kuzaona ngati kafukufuku apatsidwe ndalama za chaka china.

Ine mumtima ninasekako. Ninaima pakhomo nati, "Manje mulaweko umoyo wathu, mabwana."

Ba Dokota ananimva. Ati, "Seka bwino. Awa akafa, alendo nizawaonetsa makeji opanda kanthu. Kulibe udzudzu, kulibe ndalama, kulibe Gilbert."

Kuseka kunathera pomwepo. Ninaona kale Bundabunda yonse ikunifunsa kuti ba dokota mwabwerera bwanji ku munda.

Kachipangizo koyezera kutentha kanali kukwera. Udzudzu wina unayamba kugwa pansi pa keji, miyendo m'mwamba. Ba Dokota ananiuza kuviika mataulo na kufunditsa makeji onse, taulo ikauma niviikenso. Madzi ku mpopi kulibe, pampu nayo ni ya malaiti. Ninathamanga na ndowa ku mjigo, kubwera, kubwerera, mpaka njira inakumbika monga mgula. Pakati pake nikupiza makeji na katoni. Ine, mwana wa munthu, kukupiza udzudzu! Azakhali anasuzumira pawindo ati, "Ba dokota, odwala anu ali bwanji?"

Masana kunabwera nkhani ina. Linali tsiku la magazi, ndipo kamakina sikangayake. Aakazi akapanda kudya, mazira kulibe oonetsa alendo. Ba Dokota anapinda malaya, anaika mkono wawo pa neti ya keji, n'kufunditsa nsalu yakuda kuti udzudzu uyese kwada. Makeji anali ambiri, mikono yawo iwiri chabe. Sananipemphe. Anangoniyang'ana monga amayang'ana amayi ukakhala pa mpando mlendo ali chiimire.

Ninaika mkono wanga. Amati usagwedezeke mpaka akhute. Anthu inu, mabwana aja sanapemphere na kupemphera. Ninaona mimba zawo zikufiira na vitumbuwa vya azakhali. Pochotsa, mkono unali monga chinanazi.

Malaiti anabwera dzuwa likupendeka. Anafa ochepa. Alendo atafika anapeza mazira akuda bii pa mapepala onyowa, anajambula zithunzi, anayamikira kuti udzudzu ni wathanzi. Ine ninaima pambali na mkono wanga wotupa, palibe ananijambula.

Ndalama zinatuluka. Choyamba kugulidwa chinali sola ya udzudzu. Ine ananigulira ndowa yatsopano, chifukwa ndowa inali na dzina mu bajeti.

Chimene ninatengapo n'chakuti mu nchito iyi amene umamuchitira nsanje ndiye amakudyetsa, ndiye ukaona watuluka thukuta, thamangira katoni. Nsanje yokha siinathe. Koma masiku ano foni nimatchaja pa soketi yawo, ndipo nikalowa nimayamba nawapatsa moni. Ambiri mwa iwo, mukaganiza bwino, ni magazi anga.