Thumba la Majezi a Mavu

Anzanga, ba Oswell ndinakumana nawo pa madzi otentha a ku Chinyunyu, ndikuchapa majezi a bola.

Ndine Estina. Mutu wanga ndi wa imvi, ndipo sindinkadziwa kuti pa msinkhu uwu mtima ungandipusitsenso. Mundilezere mtima, ndifotokoza pang'onopang'ono.

Timu ya kwathu, Mavu, anaiyambitsa ndi malemu amuna anga, ba Phinias. Kuno lamulo ndi limodzi: nyumba imene ikusunga thumba la majezi ndiyo mwini timu. Atamwalira, thumba linatsala kwa ine. Pa Sondo anyamata ankasewera, pa Mande ine ndinkachapa. Pong'ambika ndinkaika chigamba cha chitenje changa chofiira. Manambala sinditha kuwerenga, koma jezi iliyonse ndinkaidziwa ndi chigamba chake.

Tsiku limenelo thumba linalemera ndi madzi. Mdala wina wovala jekete anaima n'kumandiyang'ana.

"Amayi, ana onsewa ndi anu?"

"Ndi anga," ndinatero, "ndipo palibe ngakhale mmodzi wodziwa sopo."

Anaseka, n'kusenza thumba mpaka pakhomo panga. Anati dzina lawo ndi Oswell, nawonso anaferedwa, ndipo amachokera ku Rufunsa kudzaviika miyendo yotupa m'madzi otentha.

Mande yotsatira anabweranso. Kenako anayamba kubwera pa Sondo ku ground. Tinkakhala pa benchi imodzi n'kumakangana. Iwo ankati Progress, wogwira pagolo, wakalamba, apatse mpata ana. Ine ndinkati mwana ameneyo anathyoka chala chifukwa cha Mavu, sachoka. Masapota kumbuyo ankatiseka.

"Ba Estina asaina striker watsopano! Koma transfer yake yachedwa, season yatha!"

Ndinkabisa nkhope ngati mtsikana...

Kunapezeka munthu wondifunsa m'mawa kuti ndagona bwanji. Inu achinyamata simungadziwe kulemera kwa funso limenelo kwa munthu amene wazolowera kuyankhula ndi nkhuku. Abusa anadalitsa ukwati wathu, ba Oswell analowa m'nyumba mwanga.

Nthawi imeneyo Rufunsa inali itangokhala district payokha, ndipo anthu ankati pa boma payenera kukhala timu yooneka. Mordecai, wa maminibasi a pa Great East Road, anatumiza mawu akuti akufuna Mavu. Asamutsire timu ku Rufunsa, aipatse dzina lake, agule nsapato.

Masapota anagawikana. Pamsika, pachigayo, nkhani inali yomweyo. Ena ankati anyamata atopa kusewera ndi mapazi osavala. Ena ankati wogula timu lero amaigulitsa mawa. Atakangana mpaka mawu kusasa, anagwirizana chimodzi: mawu omaliza achokere kunyumba kumene kuli thumba.

Ine ndinakana. Ndinati nsapato abweretse ngati ali ndi chifundo, koma Mavu azisewera pamene Phinias anazula zitsa ndi manja ake.

Ba Oswell anandigwira dzanja.

"Mwachita bwino, amayi. Ine ndili nanu."

Chimanga chitafika m'mawondo, anandiuza kuti mlongo wawo ku Shikabeta wadwala kwambiri. Iwo miyendo yawavuta, ndipite ine ndikamusamalire. Ndinapita.

Wodwalayo ndinamupeza akupalira kumunda, wamphamvu kuposa ine. Anadabwa kundiona, koma anandilandira bwino. Tikucheza, anayamba kutama mwana wake wa maminibasi, mmene amakondera amalume ake a Oswell. Ndinafunsa dzina la mwanayo.

"Mordecai. Kodi sanakuuzeni?"

Anzanga, pamenepo ndinadziwa kuti andichotsa pakhomo dala.

Galimoto kumeneko ndi yosowa, ndinadikira masiku ndisanapeze yobwerera. Pamene ndinkafika kwathu, pa msomali pamene thumba linkakhala panali msomali wokha. Jekete ya ba Oswell inalibenso.

Progress ndiye anabwera kudzandiuza. Ndili ku Shikabeta, kunachitika msonkhano wa timu. Ba Oswell anaimirira n'kunena kuti iwo ndi bambo wa nyumba imene ili ndi thumba, ndipo nyumbayo yavomera. Akuluakulu anayang'anana, koma palibe amene anafuna kutsutsa mwamuna pa za m'nyumba mwake. Mordecai anasankha anyamata ochepa othamanga, malo otsala anaika a ku Lusaka. Woyamba kusiyidwa anali Progress. Pondiuza zimenezi ankangoyang'ana chala chake chopindika chija.

Ndinakwera basi kupita ku Rufunsa. Ba Oswell ndinawapeza pa station atavala tracksuit yatsopano, makondakita akuwaitana kuti ba manager. Miyendo inali kuyenda bwinobwino.

"Ba Oswell, munakwatira ine kapena thumba?"

"Estina, osachita drama pamsewu. Bola ya manje, ya masiku ano, ndi business. Inu munkangochapa."

"Nanga majezi anga ali kuti?"

Anayang'ana kumbali, ine n'kutsatira maso awo. Kondakita wina anali kupukuta matayala a minibasi ndi chisanza chakuda ndi girisi. Paphewa pa chisanzacho panali chigamba chofiira.

Inali jezi ya pagolo. Imene Progress ankavala, imene Phinias anayamba kuvala iye mwini.

Sindinalire. Ndinamupempha kondakitayo, anandipatsa osafunsa kanthu. Ba Oswell anali atalowa kale m'shopu.

Ground yathu manje yamera udzu, mbuzi ndizo zimasewerapo. Masapota amene ankafuna nsapato sandiyang'ana kumaso tikakumana pachigayo. Pa Mande ndimapitabe ku madzi otentha ndi jezi imodzi ija. Girisi yakana kuchoka, koma ndimachapabe.

Anzanga, munthu akathamangira kukusenzerani katundu, muyang'aneni bwino. Muone ngati maso ake ali pa inu, kapena ali pa katunduyo.