Kuperekeza Mkondo wa Fombe ku Port Herald

"Kankha bwato," anatero msilikali wa boma. Ndinakankha, n'kudumphiramo. Dzuwa linali likungotuluka padooko la kwathu kwa Mbenje. M'bwatomo munali wopalasa, msilikaliyo, ine ndi a Semba. Pakati pathu panagona mkondo womangirira kuchipika.

Mkondowo unali wa mlamu wanga Fombe. Anaupachika mumtengo panjira ya mvuu, chingwe chake chili pansi, monga timatcherera kwathu. Mvuu sinabwere. Anabwera Alufandika, mwana wa a Semba, atasenza mono. Anafera pomwepo. Tsopano Fombe anali m'ndende ku Port Herald, ife tikukaperekera umboni. Msilikali anati akakapezeka kuti anapha dala, boma limupachika.

Kwathu wotchera mkondo amamanga mfundo ya udzu panjira kuti wodutsa aone, apatuke. Fombe anamanga. Ine ndinaiona. Koma ndine mlamu wake, mawu anga ndi opepuka. Wina amene akanaiona ndi a Semba, tsiku lokatenga mtembo. Chiyambire maliro sanalankhulepo.

Madzi anali ambiri, bwato linkangoyenda lokha. Ng'ona zinali ndandanda pamchenga. Wopalasa anayamba nyimbo, anayang'ana a Semba, n'kuileka.

Masana tinafika ku Chiromo. Wopalasa anatenga makobiri awiri kwa munthu aliyense. Msilikali sanalipire, ati boma silikwera bwato ndi ndalama. Ndinagula nyika zophika, timizu ta maluwa a m'madzi, ndi mlamba wouma kwa mayi wina. Ndinapatsako a Semba. Anathokoza mwa kwathu kuti, "Takhuta," koma anangofumbata osadya.

Sitima ya pamtunda ndinali ndisanaikwerepo. Inabwera ikupuma ngati chilombo, nthaka ikunjenjemera. Tinalowa ndi mkondo wathu. Mkulu wina wonyamula nkhuku anafutukira kumbali.

"Achimwene, mvuu za m'sitima muno zinatha kale," anatero.

"Ukupita kumlandu," ndinayankha.

"Mkondo nawo umayankha mlandu?"

Anthu anaseka. A Semba ankayang'ana panja. Midzi inkathawira kumbuyo. Mtunda umene bambo anga ankaugonera panjira tinaumaliza dzuwa lisanalowe.

Madzulo anandilola kuona Fombe pazenera la ndende. Anali ataonda.

"Mawa ukanene kuti sunafune," ndinamuuza.

"Mkondo ndi wanga, mlamu. Ndimukane munthu ali m'manda? Andilondola mpaka kwa ana anga."

Ndi mmene tinakulira. Mwini mkondo savuta, amavomera, abale n'kukhala pansi. Tinagona pakhonde la sitolo ya Mmwenye, udzudzu ukutidya.

M'mawa tinalowa m'khoti. Woweruza anali Mzungu wochokera ku Blantyre, wotuluka thukuta kuposa ife. Pambali pake panaima womasulira. Mkondo anaugoneka patebulo.

Woweruza anafunsa Fombe ngati akuvomera.

"Ndinapha ndine," anatero Fombe.

Ndinati basi, watha. Koma woweruza anagwedeza mutu, sanalembe. Womasulira anati, "Bwana akuti zimenezo wamva. Akufuna adziwe chimene chinali mumtima mwako potchera."

Apa m'pamene ndinadabwa. Wakufa ankadziwika. Wopha anavomera yekha. Kwathu mlandu ukanathera pomwepo. Kuno unali ukungoyamba. Woweruza anafunsa ngati Fombe ndi Alufandika anakanganapo pa mkazi, pa munda, kapena pa malo otchera mono. Anafunsa kuti njirayo amapitamo ndani. Womasulira anatiuza kuti lamulo limasiyanitsa. Pali wopha atafuna, pali wopha chifukwa chosasamala, pali wa ngozi. Mtembo ndi umodzi, koma milandu ndi yosiyana. M'mawa wonse anthu ankafufuza chinthu chimene palibe anachionapo ndi maso.

Ine ndinanena za mfundo. Anafunsa chibale changa ndi Fombe. Ndinanena. Analemba pang'ono.

Kenaka anaitana a Semba. Anaima osagwira ndodo.

"Wakufayo ndani wanu?"

"Mwana wanga woyamba."

"Panali chidani ndi uyu?"

"Nkhabe. Ankadyera mbale imodzi."

"Mfundo ya udzu munaiona?"

Ndinkamva ntchentche pazenera. A Semba anayang'ana mkondo nthawi yaitali. Akanangoti sindinaione, palibe akanawatsutsa.

"Inalipo," anatero. "Yomanga bwino. Mwana wanga anasenza mono kumaso. Sanayang'ane pansi."

Fombe anakhala pansi n'kugwira nkhope.

Dzuwa litapendeka woweruza anagamula. Anati Fombe sanaphe dala, choncho sapachikidwa. Koma anatchera pafupi kwambiri ndi podutsa anthu, ndipo udzu wokha sukwanira pa chinthu chotha kupha. Akhala m'ndende chaka chimodzi.

Kusukulu ya mishoni anandiphunzitsa kuti usaphe. Sanandiuze kuti anthu angathe kuyesa mtima wa munthu pabwalo. Sindinadziwenso kuti bambo woferedwa angathe kunyamula mawu olemera chotero ulendo wonse osawataya.

Panja ndinapeza a Semba pansi pa mtengo wa mango. Ndinagwada. Ndinali nditakonza mawu.

"Alufandika ankayenda mofulumira kuyambira ali mwana," anatero, osandiyang'ana. "Ndinkamuuza."

Ndinaomba m'manja pang'onopang'ono, ndinadzuka, n'kutsikira kumtsinje.