Ulusi wa pa Mtengo wa Mapichesi

Kumapeto kwa mudzi wathu kuno ku Bulgaria kumakhala mayi ena amasiye amene sakhulupirira kalendala. Kwa iwo chisanu chimatha akaona dokowe woyamba. Tsiku limenelo amavula kaulusi kofiira ndi koyera kamene timavala pamkono mu Malichi, n'kukamangirira pa mtengo wawo wa mapichesi kuti ubereke.

"Kale adokowe ankatsata malemu amuna anga akamalima," amatero. "Lero akulimbirana matewera kumtaya."

Chaka chino akhonsolo aganiza zokuza mtayawo mpaka kuminda. Anatuma Zdravko, mwana wobadwira konkuno, kudzaika zizindikiro pa mitengo yoti idulidwe. Iye anakulunga mtengo wa mapichesi uja ndi chilamba chapulasitiki, chofiira ndi choyera.

Mayiwo anatuluka akupukuta m'manja. "Zdravko, nawenso waona dokowe?"

"Ayi azakhali, n'zakuntchito izi."

Anamulozera timaulusi takalekale tili lendelende m'nthambi. "Iwe, amako sanakuphunzitse? Mtengo tikaumanga mitundu imeneyi ndiye kuti tikuupempha ukhale ndi moyo. Tsiku lodzadula, uyambe wamasula zonsezi wekha."